Galimoto Yoyera ya Mkamwini Mnzanga

Ndisanakhale ndi galimoto ndinayenda pa njinga yamoto zaka zambiri. Ndili ndi sitolo ya mbewu, feteleza ndi mankhwala a m'munda pafupi ndi msika wa Lundazi, ndipo njingayo ndiyo inkafikitsa katundu kwa alimi akumidzi amene sankatha kubwera kuboma. Pa ntchito inali yabwino. Vuto linali Lamulungu. Ndikanyamula mkazi wanga kupita kutchalitchi nthawi yachilimwe, ankafika chitenje chitafiira ndi fumbi, tsitsi limene anakonzetsa dzulo lake litatuwa ngati la munthu wochokera kuchigayo. Sankadandaula. Ankangozungulira kuseri kwa tchalitchi, n'kudzikuntha, n'kulowa. Amene ankamva manyazi ndinali ine.

Ana athu atamaliza sukulu n'kuyamba kudzidalira, ndinauza mkazi wanga kuti nthawi yogula galimoto yakwana. Kuyendetsa ndinkadziwa kale. Makolo anga anachokera ku Kasungu kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya kuno, ndipo ndili mnyamata ndinayendetsapo lole ya pafamu. Sindinkafuna galimoto zotsika za m'tauni, zija zimene mimba yake imakhula pansi ukangopatuka pa tala. Zikuluzikulu zimene amayendera a mabungwe nazonso sizinali za msinkhu wanga, chifukwa mafuta ake angakugulitsitse munda. Ndinkafuna yapakatikati, yaing'ono thupi koma yokwera m'mwamba, yoti ilowe m'misewu ya ngolo komanso iime pakhomo la tchalitchi mwini wake osachita manyazi.

Ine ndine munthu amene sagula ngakhale wailesi asanafunsefunse. Galimoto ya mtundu umenewo ikaima pamsika, ndinkasiya sitolo n'kukaizungulira, kugwada kusuzumira pansi pake, kufunsa mwini wake ngati imavuta. Ena ankandiyankha bwino, ena ankakhoma zitseko kawiri akundiyang'ana. Ndikatseka sitolo ndinkakhala pa galaja ya makaniko wina wachikulire kuseri kwa malo omwetsera mafuta, kumamumvetsera akunyoza galimoto zimene anali kukonza. Ndinakweranso minibasi kupita ku Chipata kangapo, kukangoona galimoto zakale zochokera ku Japan pa bwalo lina logulitsira, n'kubwerako chimanjamanja.

Pa bwalolo panali zitatu zimene zinandikopa. Yakuda inali yokongola kuposa zonse, mipando yachikopa, denga lotseguka, koma makaniko uja anandiuza kuti kakadzafa kachitsulo kakang'ono ndidzadikira sipeya kuchokera ku Lusaka mpaka chimanga kucha. Yotuwa inali yofewa poyenda, yachete, yoyendera petulo pamodzi ndi batire, moti wogulitsa anati ndidzaiwala njira ya kumalo omwetsera mafuta. Koma inali yotsikirako, ndipo inkakoka ndi matayala akutsogolo okha. Yachitatu inali yoyera. Inali yokwera, yokoka ndi matayala onse anayi, tayala lapadera litamangidwa pa chitseko chakumbuyo. Sinali yatsopano kuposa zinzake, mkati mwake munalibe zokometsera zambiri, ndipo pa galasi lakumbuyo panali kachizindikiro konga tsamba kamene mwini wake wakale anamata. Wogulitsa anandilola kuiyendetsa pa msewu wamiyala kuseri kwa bwalo. Ndinaiponya m'maenje dala. Inangowadumpha ngati palibe kanthu. Pobweza makiyi, mtima wanga unali utagwa kale pa iyo.

Kuitenga nthawi yomweyo sikukanatheka, chifukwa mphamvu zanga zonse zinali m'matumba a feteleza amene anali asanagulidwe. Ndinati ndidikire nyengo yodzala idutse.

Mkazi wanga ali ndi mng'ono wake amene anakwatiwa ndi mwamuna wogula soya ndi mtedza kwa alimi n'kumakagulitsa ku Chipata. Iyeyo ndi ine ndife akamwini a pakhomo limodzi. Ndi wamng'ono kwa ine, wosayankhulayankhula, ndipo amanditchula kuti akulu. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi tinkakumana kwa apongozi athu, kumudzi kwawo kunja pang'ono kwa boma, akazi ali kukhitchini, ife aamuna tili pansi pa mango. Kumeneko ndi kumene ndinkakhuthula zonse. Ndinkafotokoza za yakuda ndi masipeya ake, za yotuwa ndi mimba yake yotsika, kenaka n'kufika pa yoyera, mawu atakwera. Ndinatchula ngakhale bwalo limene inali, ngakhale kachizindikiro ka tsamba kaja. Apongozi aamuna ankasinza pampando. Mkamwini mnzangayo ankamvetsera, nthawi zina n'kuponya funso limodzi, monga ngati masipeya a yoyerayo amapezeka ku Chipata. Ndinkakondwa kuti ndapeza munthu wondimvera.

Loweruka lina mvula itangoyamba, sitolo itadzaza ndi alimi olimbirana mbewu, galimoto yoyera inaima pakhomo. Ndinaiona kudzera pakati pa mapewa a anthu. Poyamba ndinangoti ndi ya mtundu uja. Itatembenuka pang'ono kuti iime bwino, ndinaona tayala pa chitseko chakumbuyo, ndi katsamba pa galasi. Chitseko chinatseguka, n'kutsika mkamwini mnzanga, atavala malaya ake a tsiku ndi tsiku. Analowa, n'kupatsa moni anthu m'Chitumbuka, n'kufika pakauntala akumwetulira, makiyi ali m'manja.

"Akulu, motoka ija nakatenga," anatero. "Mukanapanda inu sindikanadziwa yosankha. Yewo chomene."

Ndinamuyang'ana pankhope kufufuza ngati akundiseka. Panalibe chipongwe ngakhale pang'ono. Munthuyo anali kundithokoza ndi mtima wonse, ndipo chimenecho ndicho chinandiwawa kwambiri, chifukwa akanakhala kuti akundinyoza ndikanapeza pogwira. Ndinamugwira chanza, n'kumuuza kuti wachita bwino. Alimi anasiya mzere n'kutuluka kukaona galimoto. Mkamwini mnzangayo anandipempha kuti ndikaikwere tizungulire msika, koma ndinati sitolo yadzaza. Tsiku limenelo ndinapatsa mayi wina mbewu ya chimanga chochedwa kucha pamene iye anapempha yocha msanga, mpaka anabwerera ali m'njira kudzasintha.

Kunyumba ndinapeza kuti mkazi wanga ankadziwa kale. Mng'ono wake anali atamuuza masiku apitawo, koma iye sanaone chachilendo. Nditamufunsa chifukwa chake sanandiuze, anandifunsa ngati ku Japan kunatsala galimoto yoyera imodzi yokha. Anati ndikauze a pabwalo aitanitse ina yofanana nayo. Ndinakana. Ndinkadziwa mmene anthu a pamsika amayankhulira. Akanati wamkulu watsanzira wamng'ono, ndipo palibe akanakumbukira kuti amene anayenda maulendo a ku Chipata ndi ine.

Nyengo yodzala itadutsa ndinakwera minibasi, n'kukatenga yotuwa. Njira yonse yobwerera ndinadzilimbitsa mtima. Mpando unali wofewa, mphepo yozizira inkatuluka bwino, singano ya mafuta sinasunthe n'komwe. Ndinadziuza kuti munthu wanzeru amayang'ana kutsogolo, kuti mafuta akukwera mtengo chaka ndi chaka, kuti maulendo anga ambiri ndi a pa tala. Zonsezo zinali zoona. Koma nditalowa m'boma, maso anga ankangofunafuna chinthu choyera.

Lamulungu lotsatira galimoto ziwirizo zinaima pamodzi pansi pa mango kwa apongozi. Apongozi aamuna anadzuka ndi ndodo yawo n'kuzizungulira zonse pang'onopang'ono. Pa yoyera anagogoda tayala lakumbuyo lija ndi ndodo, n'kunena kuti iyi ndiye motoka ya kumudzi. Pa yanga anasisita galasi ndi chikhatho, n'kunena kuti njabwino, njoyenera kuyendera ku Chipata. Sananene choipa chilichonse. Koma ana a m'mudzimo onse anaunjikana pa yoyera, akudziyang'ana pa zitseko zake, pamene pa mthunzi wa yanga panagona galu. Pochoka nditailiza, inanyamuka mwakachetechete ndi batire monga imachitira, ndipo ndinamva mwana wina akuuza mnzake kuti ya awa yazima, ikungotsetsereka.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka mlaliki wa mafuta. Aliyense wolowa m'sitolo akatchula galimoto, ndinkamufotokozera mmene yanga imafikira ku Chipata n'kubwerako singano itangotsika pang'ono. Lamulungu ndinkafunsa mkamwini mnzanga, pamaso pa apongozi, ngati yake siikumuvutitsa pa mafuta. Ndinkayembekezera kuti akana kapena abisa. Iye ankangoseka n'kuvomera kuti imamwa ndithu, akulu, imamwa ngati ng'ombe yolima. Akatero nkhani inkathera pomwepo, ine n'kutsala ndi mawu amene ndinakonza sabata yonse.

Mvula itafika pachimake, anamwalira mchimwene wa apongozi aamuna, amene ankakhala kumudzi wina cha kumbali ya Lukusuzi. Tinanyamuka m'mawa ndi galimoto zonse ziwiri. Apongozi aamuna anakwera yoyera. Apongozi aakazi anayesa kukwera yomweyo, koma mawondo awo analephera kufika pamwamba pake, choncho anabwera kwa ine. Ndinawatsegulira chitseko ndekha. Anakhala kumbuyo pamodzi ndi mkazi wanga, n'kunena kuti mpando wake uli ngati matiresi. Mawu amenewo ndinayenda nawo mtunda wautali ndikumwetulira.

Titasiya msewu waukulu, njira inayamba kuipa. Ngolo ndi mathirakitala zinali zitakumba mikwasa iwiri yakuya, pakati patatsala msana wa dothi. Ndinkayendetsa tayala limodzi pa msanawo, lina m'mbali mwa udzu, thukuta likutsika ngakhale mphepo yozizira inali yoyatsa. Kenaka tinafika pa dambo. Madzi anali atadzaza njira yonse, amtundu wa tiyi wamkaka. Yoyera inali patsogolo. Inaima kaye pang'ono, kenaka inalowa, matope akuthovukira m'mbali, n'kutulukira tsidya lina ikudontha madzi. Mkazi wanga anati tisiye yathu pa sukulu imene tinali titangodutsa, mlamu wake abwerere adzatitenge. Ndinayang'ana tsidya linalo. Apongozi aamuna anali atatulutsa mutu pawindo, akutiyang'ana. Ndinaponda mafuta.

Tinafika pakati penipeni. Ndinamva mimba ya galimoto ikukhala pa dothi, kenaka matayala akutsogolo anayamba kuzungulira pamalo amodzi. Ndinayesa kubwerera m'mbuyo, osatheka. Madzi anali pafupi kufika pa chitseko. Pagalasi loonera kumbuyo ndinaona apongozi aakazi atanyamula chikwama chawo pachifuwa, mapazi atawakweza pang'ono. Anthu oyenda pansi kupita kumaliro omwewo anaima m'mbali mwa dambo, amayi atasenza nkhuni ndi mabeseni a ufa.

Mkamwini mnzanga anabweza yoyera chambuyo mpaka m'mphepete mwa madzi. Anavula nsapato, n'kupinda thalauzi lake lakuda la kumaliro, n'kutulutsa chingwe chimene ankayenda nacho nthawi zonse. Anafika pa windo langa madzi ali m'mawondo, n'kundifunsa ngati ndikudziwa pamene pali chitsulo chokokera. Sindinkadziwa. Anagwada m'matopemo, dzanja lonse pansi pa galimoto yanga, tsaya litagunda bampala, mpaka anachipeza. Yoyera itakoka, yanga inatuluka mosavuta ngati mbatata m'dothi lonyowa, koma chipulasitiki chotchinga pansi pa injini chinang'ambika n'kutsalira m'madzi. Mnyamata wina anachitola n'kudzandipatsa ndi manja awiri. Amayi aja anaomba m'manja pang'ono, kenaka anakumbukira kuti akupita kumaliro.

Kusiwa, yoyera sinapume. Inabwerera kukatenga abusa amene anatsakamira kudambo komweko, inakatuta nkhuni, inakatenga okalamba a mudzi woyandikana nawo. Yanga inaima kuseri kwa nkhokwe tsiku lonse. Pa nthawi ya zolengeza, mkulu woyendetsa mwambo anathokoza onse amene anathandiza, kenaka anatchula mwapadera mkamwini wa motoka yoyera, amene watumikira ngati mwana wa pakhomo, ngakhale kuvuula anzake m'matope. Anthu anang'ung'udza movomereza. Ine ndinali pakati pa azibambo, ndikuyang'ana matope ouma pa nsapato za mkamwini mnzanga, amene anakhala patsogolo panga mutu uli pansi.

Kuchokera pa maliro amenewo mbiri ya yoyera inafalikira m'midzi yonse ya mbali imeneyo. Mayi akayamba kumva kupweteka kwa pakati, ankaimbira mkamwini mnzanga. Munthu akalumidwa ndi njoka, ankaimbira iye. Akwati ankafuna kukwera yoyera, itamangidwa maliboni pa tayala lakumbuyo. Foni yake sinkapuma, ndipo mkazi wake ankadandaula kwa mkulu wake kuti mwamuna wake sadyanso chakudya chotentha. Galimotoyo inayamba kuoneka ntchito yake. M'mbali munadzaza mikwingwirima ya minga, chitseko china chinayamba kulira, mkati munkanunkha mbuzi ndi fodya wosasankha. Yanga inali yonyezimira ngati tsiku limene ndinaitenga. Mkazi wanga ankati tili ndi mwayi, anthu sakutivutitsa. Ndinkavomera ndi pakamwa.

Koma ndikaima pakhonde la sitolo n'kuona yoyera ikudutsa mothamanga kulowera kuchipatala, magetsi onse akuthwanima, anthu a pamsika akuipatsa njira, ndinkaitsatira ndi maso ansanje mpaka itapita. Anthu ankaidziwa patali. Akazi ogulitsa tomato ankaiimika n'kuponyera mwini wake kamulu ka tomato pawindo, ati chifukwa anathandiza mlongo wawo. Kutchalitchi atafuna munthu wotsogolera ntchito yomanga nyumba ya abusa, dzina limene linatuluka koyamba linali lake, munthu amene pamisonkhano sankatsegula pakamwa.

Tsiku lina masana analowa m'sitolo mayi wina akupuma mwawefuwefu, thukuta lili thupi lonse. Ndinkamudziwa, ankagula mbewu ya mtedza kwa ine chaka chilichonse. Anati mwana wake wakomoka kumudzi, ndipo iye wabwera pa njinga yakabaza kudzafuna thandizo. Kunali kouma, njira ya kwawoko ndinkaidziwa, yanga ikanafika popanda vuto. Dzanja langa linali litalowa kale m'thumba kugwira makiyi.

"Abambo, chonde," anatero, "ndipatseniko nambala ya alamu anu a motoka yoyera."

Ndinamuuza kuti inenso ndili ndi galimoto, ili panja apo, tiyeni. Anaiyang'ana kudzera pakhomo, n'kuyang'ana mapazi ake afumbi, n'kunena kuti ayi, imeneyo angaidetse, ndiponso mwana akusanza. Ndinamukakamiza mpaka analola, ndipo tinakamutenga mwanayo n'kufika naye kuchipatala nthawi yabwino. Njira yonse mayiyo anakhala m'mphepete mwa mpando, chitenje chake atachiyala pansi pa mwanayo, akupepesa. Mwana anachira. Patapita masiku mayiyo anandibweretsera nkhuku. Komabe chaka chotsatira apongozi ake atadwala, ndinamva kuti anaimbira mkamwini mnzanga.

Nkhani imeneyi inandisowetsa mtendere moti ndinapita kwa makaniko uja kukamupempha kuti akweze galimoto yanga. Anati angathe, koma ndisadzamudandaulire. Anaika timphira tokhuthala pamwamba pa masipuling'i, ine n'kugula matayala akuluakulu a mano. Inakwera ndithu. Koma kufewa kuja kunatha, matayala ankalira pa tala ngati gulu la njuchi, pokhota china chake chinkagogoda kutsogolo, ndipo singano ya mafuta, imene inali ulemu wanga wonse, inayamba kutsika ngati ya wina aliyense. Mkamwini mnzanga ataiona anati yaoneka bwino, akulu. Mkazi wanga anati ikuoneka ngati mwana wovala nsapato za bambo ake. Sindinathe nayo miyezi yambiri. Ndinabwerera ku galaja kukachotsa zonse, ndipo makaniko anagwira ntchitoyo akuimba nyimbo ya kutchalitchi, osandifunsa kanthu.

M'chaka chachitatu apongozi aakazi anayamba kuvutika ndi mtima, ndipo kuchipatala anati akaonedwe ku Chipata. Banja litakumana kukambirana za ulendo, aliyense anangotembenukira kwa mkamwini mnzanga monga mwa chizolowezi. Apongozi anadula nkhaniyo ali chigonere pamphasa. Anati akufuna ija yosagwedeza. Ndinayesetsa kuti nkhope yanga isasinthe.

Mkamwini mnzanga anabwera nafe kuti akathandize kuwanyamula, n'kukhala kutsogolo pambali panga. Kanali koyamba kukwera yanga ulendo wautali. Tisanafike patali anali atagona, mutu utatsamira galasi, kukamwa kuli yasa. Anadzuka tikuyandikira Chipata, n'kupukuta kumaso, n'kunena kuti chigulireni yake sanagonepo m'galimoto. Anasisita pamwamba pa dashibodi.

"Iyi ndi motoka, akulu," anatero. "Munasankha bwino."

Mawu amenewo ndinali nditawadikira zaka. Ndinayembekezera kuti anditsekemera kwambiri, koma anangodutsa. Mwina chifukwa kumbuyo apongozi ankapuma movutikira. Mwinanso chifukwa pobwerera, titaima pa kamsika ka m'njira kugula nthochi, anthu anazindikira mkamwini mnzanga, n'kuzungulira windo lake, aliyense akufunsa modera nkhawa ngati yoyera yawonongeka. Ine wa pa chiwongolero anandipatsa moni pomaliza, ndipo bambo wina anandifunsa ngati ndine dalaivala wake watsopano.

Apongozi anapeza bwino, ndipo maulendo awo onse a ku Chipata kuyambira pamenepo ndinkawayendetsa ndine.

Chaka chatha, soya atagulidwa bwino, mkamwini mnzanga anabwera kusitolo nthawi imene kunalibe anthu. Anakhala pa thumba la feteleza, n'kuyamba ndi nkhani za mvula ndi za ana, kenaka anafika pa chimene anadzera. Anati malonda ake akula, akufuna lole yaing'ono, ndipo yoyera aigulitsa. Ogula analipo kale angapo, koma iye anati sangaipereke kwa munthu wina asanandifunse ine.

"Munaiona koyamba ndinu, akulu," anatero, maso ali pansi. "Ndikudziwa."

Pa zaka zonsezo aka kanali koyamba, komanso komaliza, kuti atchule zimenezo. Anaika makiyi pakauntala n'kunena kuti ndikaiyese, iye atsala akuyang'anira sitolo.

Chichokereni pa msewu wamiyala uja wa ku Chipata ndinali ndisanaigwirenso chiwongolero. Mpando unali utaphwa mbali imodzi, wailesi inali itafa, kumbuyo chinachake chinkagogoda. Ndinatuluka m'boma n'kulowa njira ya kumidzi, kumene ndinkapewa ndi yanga. Inali yotopa, koma mphamvu zake zinali zomwe zija. Inkakwera mitunda ya miyala osadandaula. Anthu a m'njira ankakweza manja patali, ena n'kuthamangira kumsewu, kenaka akaona kuti woyendetsa ndi wina ankatsitsa manja pang'onopang'ono. Ndinafika pa kamtsinje kena kamene kanali ndi madzi ndi mchenga. Ndinawoloka, n'kutembenuka, n'kuwolokanso. Kenaka ndinazimitsa injini n'kukhala momwemo kanthawi, mawindo ali otsegula, ng'ombe zikumwa madzi chapafupi. Ndinkaifunabe, za zimenezo sindinganame. Koma ndinkadziwanso kuti ngakhale nditaipenta mtundu wina, anthu a m'midzi imeneyi adzaitchulabe ndi dzina la mwini wake woyamba mpaka idzafe.

Nditabwerera ndinamupeza atagulitsa mabotolo awiri a mankhwala a mbozi, akucheza ndi wogula. Ndinamubwezera makiyi, n'kumuthokoza, n'kumuuza kuti yanga ikundikwanira. Sanandikakamize. Kunyumba mkazi wanga atandifunsa chifukwa chake ndakana, ndinati imamwa mafuta. Anandiyang'ana, n'kupitiriza kusankha nyemba.

Anaigula namwino wina wa pa kachipatala ka kumudzi, cha kumbali ya Lukusuzi komweko. Tsiku loitenga anakumana pamsika, ndipo zonse zitatha mkamwini mnzanga anabwera kusitolo wapansi kudzandipempha kuti ndikamutule kwawo. Titafika pageti pake sanatsike msanga. Anakhala akuyang'ana pabwalo, pamalo pamene udzu unafa chifukwa cha mafuta odontha, n'kunena kuti bwalo lakula. Mkazi wake anatuluka n'kutiuza kuti m'mawa womwewo kwabwera anthu awiri ofuna thandizo la galimoto, ndipo wawabweza. Iye anafunsa kuti anali ndani, akudwala ndani, ndipo atamva anatulutsa foni n'kuyamba kufunafuna nambala ya namwino uja. Ndinawasiya akukambirana zimenezo, ine n'kubwerera kukatseka sitolo.

Lole yake inafika mwezi wotsatira, yabuluu. Sindinapite kukaiona mpaka mkazi wanga atandikakamiza.